Mmene a Logambal Analelera Galu wa Eni Ake

A Logambal amagwira ntchito m'makomo anayi a m'nyumba yathu yosanja ku Nanganallur, koma mukafunsa eni makomowo kuti anawalemba liti ntchito, palibe amene angakuuzeni. Aliyense amangokumbukira kuti tsiku lina anapeza mayi wamfupi wojintcha, wamaluwa m'tsitsi, ataima pasinki akukalipira poto.

Mapoto amawakalipiradi. "Wapsereranji iwe? Sumaona kuti madzi akutha?" Tsache likathothoka amalinena kuti ndi laulesi. Mpopi ukauma amaufunsa kuti wanyanyala chiyani. Anthu nawo amawayankhula chimodzimodzi, n'chifukwa chake ambiri amawaopa, ngakhale amene amawalipira. Tonse timawaitana Akka, monga mmene munthu amaitanira mkulu wake, kupatula Mami Alamelu a pansanjika yoyamba, amene amangoti "Loga" mokokera, ngati akuitana munthu amene ali kutsidya kwa msewu.

Anabwera ku Chennai ali mtsikana, kuchokera kumudzi wina wa kufupi ndi Tindivanam, atakwatiwa ndi mwamuna wopenta nyumba. Mwamunayo anamwalira ana akadali aang'ono. Wamkazi anakwatiwa kutali, wamwamuna amayendetsa lole ndipo amaimba foni akakumbukira. Iwo amakhala okha m'kachipinda ka malata kuseri kwa njanji. Kunja kusanayere amakhala atasesa kale pakhomo pawo, atawaza madzi, atajambula kolamu ndi ufa wa mpunga, timadontho ndi mizere yoyera yolukana, monga amachitira mkazi aliyense wodzilemekeza. Akatero amauyamba wapansi kubwera kwathu, kachitini ka chakudya kali m'manja. Pa zinthu zonse za m'dziko muno ankadana ndi ziwiri: makina ochapira zovala ndi agalu. Galu anawaluma pamwendo ali mwana, ndipo chipseracho amaonetsa aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe.

Ine ndimakhala ndi bambo anga pansanjika yapamwamba. Chimalizireni sukulu ya sekondale ndimasoka mabulauzi ndi kupinda m'mphepete mwa masari, nsalu zazitali zimene azimayi amavala kuno, ndipo makina anga ali pafupi ndi chitseko cha zitsulo chifukwa m'pamene pamadutsa kamphepo. Anthu akamakwera ndi kutsika amaiwala kuti ndilipo, ine sindiwakumbutsa. Khomo loyang'anizana ndi lathu ndi la Aravindan ndi mkazi wake Mithra, achinyamata ogwira ntchito za makompyuta, ochoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa. Iwowa ndi amene anabweretsa kagalu.

Kanali kofiirira ngati tiyi wamkaka, kamimba kotuluka, mapazi akuluakulu ngati obwereka. Anakatcha Pattu. Asanakalowetse n'komwe, komiti ya nyumba inakhala pansi. Wapampando ndi a Seshadri, amuna awo a Mami Alamelu, amene chipumireni pa ntchito alibe china chochita koma kulondera malamulo. Anagamula kuti galu asakwere chikepe, aziyenda pamasitepe, ndipo tsiku limene adzaipitse pakhomo pa munthu ndi tsiku lomwelo limene adzachoke. Aravindan anavomera zonse ndi mutu. Anali atagula kale khola la waya lokhala ndi kachitseko, kamatiresi, ndi kamera yoti aziona galu wake pafoni ali kuofesi.

Lolemba m'mawa chitseko chawo chinali chotsegula, ndipo ndinamva zonse.

"Akka, mvetserani," anatero Mithra, chikwama chili kale paphewa. "Galu saipitsa pamene amagona. Akakhala m'kholamu aphunzira kudzigwira. Inu mukabwera muzimutulutsa. Akakodza kunja mumuyamikire, mumupatse bisiketi nthawi yomweyo. Mukatero mumubwezere."

"Kumuyamikira?"

"Ee."

"Chifukwa choti wakodza?"

"Ee, Akka. Mokweza, kuti adziwe kuti wachita bwino."

"Amma, ine ndalera ana awiri ndekha, ndatsuka mbale zanu chikwatiraneni. Munandiyamikirapo mokweza?"

Aravindan anaseka akumanga nsapato. "Akka, inu bisiketi simudya."

"Ananena ndani, Thambi, mchimwene wanga? Munandipatsapo?"

Kenako a Logambal anawerama n'kusuzumira m'kholamo, akumasamala kuti asayandikire kwambiri. "Nanga ameneyu waba chiyani kuti mumutsekere?"

"Si ndende, Akka. Ndi chipinda chake."

"Chipinda chotsekera kunja? Mlongo wanga anakhalapo m'chipinda chotero atamenya kondakitala wa basi. Nayenso ankatiuza kuti ndi chipinda."

Masiku oyamba anachita monga anauzidwira, nkhope atayang'ana kumbali. Pofuna kuti asamukhudze, ankamukankhira ndi tsache m'ndowa yochapira, n'kutsika naye atanyamula ndowayo kutali ndi thupi. Koma inali nyengo ya mvula, pansi poimika njinga zamoto panali madzi okhaokha, ndipo Pattu ankangonjenjemera m'ndowamo osachita kanthu. Akamubwezera m'khola ankayamba kulira. Kulira kwake kunali kwa chitseko chosadzoza mafuta, kosalekeza, kolowa m'mano. Ine ndinkakumva ngakhale makina akuyenda. A Logambal nawo ankakumva ali pansanjika ya m'munsi, akutsuka za ena.

Tsiku lina anakwera mothamanga, thovu la sopo lili m'mikono. "Sikuti ndikumumvera chisoni ayi," anandiuza, ngakhale sindinawafunse. "Kungoti akundisokosera." Analowa n'kutsegula khola.

"Akka, nthawi yake sinakwane!"

Mawuwo anachokera pashelefu. A Logambal analumpha, tsache linagwa.

"Amma! Muli kuti?"

"Kuofesi. Ndikukuonani pakamera."

"Ndiye kuofesiko amakulipirani kuti muzionera ine?"

Mawa lake kansalu konyowa kopukutira mbale kanapezeka katalendewera pa kamerayo. Mithra atafunsa, a Logambal anamuuza kuti ndi mvula ino munthu alibe poyanika. Mvula inapitirira, kansalu nakonso kanapitirira.

Kuyambira pamenepo Pattu ankaswera kunja kwa khola. Timibulu touma ta chakudya cha agalu timene eni ake anagula a Logambal anatikana, akuti ngakhale mbuzi ikanatiyang'ana ikanati ndi take, tochokera kumbuyo. Ankamudyetsa mpunga wothira chambiko, wofinya ndi dzanja lawo. Ndipo Pattu, atakhuta, ankasiya chizindikiro paliponse: pansi pa tebulo, pa nyuzipepala, kuseri kwa firiji, kamodzi m'kati mwenimweni mwa nsapato ya Aravindan. A Logambal ankayenda pambuyo pake ndi ndowa ndi mankhwala onunkha aja. Chodabwitsa n'chakuti galuyo sankamukalipira. Ankakalipira chikolopa.

Tsopano apa m'pamene panagona nkhani. Mithra kolamu sadziwa kujambula, ndipo nthawi alibe, choncho a Logambal ndi amene ankamujambulira pakhomo akangofika. Ndipo monga aliyense m'nyumba muno, amagwira ntchito chitseko chili chotsegula kuti mphepo izilowa. M'mawa wina Pattu anatuluka chothamanga, anaima pa kolamuyo, ananyambita ufa pang'ono, anazungulira, n'kunyonyomala pakati pake penipeni.

A Logambal anatulukira ndi ndowa n'kuima. Anayang'ana galu, anayang'ana chitseko, kenako anayang'ana kwathu.

"Iwe Thenmozhi, usabisale kuseri kwa makinawo, ndikukuona. Apa ndi kunja kapena ndi m'nyumba?"

Ndinayang'ana. Chitseko chinali kumbuyo kwa galu.

"Ndi kunja, Akka," ndinayankha chapansipansi.

"Eya. Ndi mmenenso ndikuonera ine." Anaika ndowa pansi n'kuomba m'manja. "Wachita bwino, mfumu yanga! Mwana wanzeru! Ameneyu adzakhala loya!" Anatulutsa bisiketi pamene amapisira sari m'chiuno n'kumupatsa.

Anatsuka pakhomopo bwinobwino. Atamaliza anaima akuyang'ana simenti yonyowa, yopanda kanthu. Pakhomo potsuka n'kusiya mbee, opanda kolamu, ndi panyumba pamene pagwa maliro basi. Mami Alamelu amadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku popita padenga kukayanika zinthu, ndipo akanangoona akanagogoda kuti apepese. A Logambal anakatapa ufa n'kujambula wina.

Pattu atadya masana anatuluka, anapeza kolamu watsopano, ndipo anadziwa chochita. Anaomberedwa m'manja, analandira bisiketi. Panatsukidwa. Panajambulidwa wina.

Zinayenda choncho mvula yonse. Pakati pa khomo lathu ndi lawo panasanduka malo oyera kuposa malo onse mu Chennai. M'nyumba mwawo ngozi zinatheratu. Ufa wa mpunga unkatha msanga, Mithra ankaganiza kuti Akka akupita nawo kwawo, ndipo anachita manyazi kufunsa. Dzuwa likapendeka a Logambal ankabwezera Pattu m'khola, ankachotsa kansalu kaja, ndipo eni ake ankapeza pansi pali pouma, galu ali mtulo pakamatiresi. Madzulo ndi m'mamawa Aravindan ankamunyamula m'manja kutsika naye kumsewu, choncho sankaona kanthu. Anafika pouza bambo anga pamasitepe kuti, "Saar, khola ndi sayansi. Mukangotsatira ndondomeko, galu amaphunzira yekha." Bambo anga, amene samva bwino, anavomera kuti mvula chaka chino yachulukadi.

A Logambal nawo anayamba kusintha. Ndowa ija inabwerera kuntchito yake yochapira. Ankamunyamula m'chiuno ngati mwana, uku dzanja lina likusesa. Lamlungu, tsiku lawo lopuma, anayamba kutulukira akuti aiwala ambulera. Sabata ina anaiwala ambulera yemweyo ali nayo m'khwapa. Masana ankakhala pansi pakhomo miyendo atatambasula, akudya za m'kachitini kawo, mutu wa Pattu uli pamwendo womwe uja wa chipsera. Tsiku lina, osandiyang'ana, anati:

"Kwathu kuja ndikalowa palibe amene amadzuka. Uyu ndikangotsokomola pansi pa masitepe, mchira wayamba kale kumenya waya."

Ine ndinangopitiriza kupinda sari ya eni ake.

Mvula inatha, mwezi wa Margazhi unalowa. M'mawa kunayamba kuzizira, azibambo anatulutsa zisoti za ubweya zotsekera makutu ngati kukugwa matalala, ndipo azimayi anayamba mpikisano wawo wosanena. Miyezi ina yonse kolamu wa m'nyumba yosanja amakhala kang'ono, kobisala pafupi ndi chitseko. Mwezi umenewu amakula n'kudzaza malo onse okhotera masitepe, wamitundumitundu, pakati atabzalapo duwa la dzungu. Wopambana onse chaka ndi chaka ndi wa Mami Alamelu. Maondo awo ndi ovuta, pokwera amapuma pa sitepe iliyonse, koma mwezi umenewu amawerama kuyambira kukadali chisisira mpaka atamaliza, ndipo anthu a m'nyumba zoyandikana amabwera kudzajambula ndi mafoni.

Pattu nayenso anali atakula, moti msana wa Aravindan unayamba kudandaula. M'mawa wina anamumanga chingwe kuti atsike yekha ndi miyendo yake. Ine ndinali pambuyo pawo, ndikupita kukatenga mkaka pageti.

Pansanjika yachiwiri Pattu anaima pa kolamu wina wapakatikati n'kudonthezapo pang'ono. Aravindan anamukoka, anayang'ana uku ndi uku, anandiona. Ine ndinayang'ana khoma.

Pansanjika yoyamba Mami anali akadali chowerama, akuika duwa. A Seshadri anakhala pampando pakhomo, chisoti m'makutu, khofi m'manja. Pattu anaima. Moyo wake wonse anali asanaonepo kolamu wamkulu chotero, wa nkhanga zobiriwira ndi maluwa ofiira, wochokera kukhoma kukafika kukhoma. Anakoka chingwe kamodzi, chinapulumuka. Sanathamange. Anayenda mwaulemu, ngati mwana wa sukulu wokalandira mphoto, mpaka pakati. Ananunkhiza duwa. Kenako ananyonyomala, maso ali pa Mami.

Zinatenga nthawi. Anali atasunga usiku wonse m'khola, monga sayansi inanenera. Nkhanga zinasungunuka, chobiriwira chinakalowa m'chofiira, zonse zinayamba kutsetserekera ku masitepe. Atamaliza anakhala tsonga, chifuwa patsogolo, mchira ukusesa zotsalazo, akuyang'ana Mami m'manja.

"Akufuna chiyaninso?" anafunsa Mami ndi mawu aang'ono kwambiri. "Ndimuthokoze?"

Nthawi yomweyo a Logambal ankakwera kuchokera pageti, kachitini m'manja. Anaona galu, anaona pamene wakhala, ndipo pakamwa panatsogola mutu usanaganize.

"Wachita bwino, mfumu ya..."

Dzanja linali litafika kale m'chiuno. Tonse tinatembenuka. Bisiketi inagwa pansi, Pattu anatola.

Madzulo a tsiku lomwelo komiti inakumana pansi, pakati pa njinga zamoto. A Seshadri anati lamulo ndi lamulo, analinena poyera ndipo mwini galu anavomera. Khomo silinali limodzi, anali awiri. Mithra anali atamva nkhani yonse ya kansalu, chambiko ndi ufa, ndipo maso anali ofiira, kaya ndi mkwiyo kaya ndi misozi. Aravindan ananena motsitsa kuti msuweni wake ali ndi munda cha ku Chengalpattu, galu akhoza kukakhala kumeneko, amupititsa Lamlungu.

A Logambal sali m'komiti, ndipo palibe anawaitana. Ankasesa pafupi, pamalo amene anali atasesedwa kale. Mami ndi amene anawatembenukira.

"Loga, ndiwe unamuphunzitsa zimenezi?"

"Ndinamuphunzitsa zimene anandiuza, Mami. Anati akakodza kunja. Pakhomo si kunja?"

"Nanga ukatsuka unkajambuliranjinso wina?"

"Ndikanasiya mbee? Inu nomwe mukanakwera kudzafunsa kuti wamwalira ndani."

Mami anayang'ana amuna awo.

"Izi sizikusintha kanthu," anatero a Seshadri. "Lamlungu."

Apo ndinaona chimene ndinali ndisanaonepo. A Logambal anatsamiritsa tsache kukhoma, anaika manja pamodzi, ndipo mawu awo anatsika mpaka ndinachita kuyandikira kuti ndimve.

"Saar, wolakwa ndine. Mwanayo wangochita zimene anaphunzira, ndipo waphunzira bwino kuposa ana a anthu ena. Kumundako akamumanga pamtengo. Sadziwa kugona panja. Ndapota nanu."

"Akka, komiti yagamula."

A Logambal anatsitsa manja. Kenako anatenganso tsache lawo, ndipo mawu anabwerera mwakale.

"Chabwino. Akachoka iye, nanenso ndachoka. Makomo onse anayi. Ndikatsuka kwa anthu a kumsewu wachiwiri, akhala akundinyengerera chaka chonse."

Chikondwerero cha Pongal chinali pafupi, nthawi yokolopa nyumba yonse, yotsitsa mapoto akuluakulu amkuwa, yolandira ana ndi zidzukulu. Azimayi anayang'anana.

"Lamulo silidziwa za mapoto," anatero a Seshadri.

"Inu khalani chete," anatero Mami. "Munatsukapo poto chibadwireni?" Kenako anatembenukira kwa a Logambal. "Mva, Loga. Kuyambira mawa mpaka tsiku la Pongal. Kolamu wa munthu aliyense m'nyumba muno akangodontheredwa, ngakhale dontho limodzi, galu apite, ndipo iwe usadzatsegulenso pakamwa. Ukafuna kumutsatira udzamutsatire."

Kuphunzitsa kunali kosavuta, kuiwalitsa ndiye kunali ntchito. Kansalu kaja a Logambal anakachotsa okha. Pattu anabwerera m'khola nthawi zonse zimene iwo sanali naye pafupi, ndipo akalira ankamuyankha ali kunsi, kudzera pawindo la kukhitchini: "Lira! Kuli bwino ulire muno kusiyana ndi ku Chengalpattu!" Kolamu wa Mithra ankamujambula chitseko atatseka, ndipo potuluka ankamudutsitsa galu m'mwamba.

Vuto linali kutsika. Anayesa kunyamula khola lonse galu ali momwemo, iwo kutsogolo mlonda wa pageti kumbuyo. Linakakamira pokhota, mlonda anapanikizika chala, ananena mawu osayenera mwezi wopatulika, ndipo anakana kudzathandizanso. Anayesa kumusenza paphewa. Anafika naye pansi ndithu, koma tsiku lonselo anakolopa atagwira msana.

Vuto lina linali pansipo. Mwezi wa Margazhi msewu wonse umakhala makolamu okhaokha, geti lililonse. Anapita naye kuseri kwa nyumba yathu, pakhoma lomwe oyendetsa ma oto, timagalimoto ta mawilo atatu tonyamula anthu, amaimikapo n'kumadzithandiza. Pattu ananunkhiza, anayang'ana a Logambal, n'kukhala pansi. Pamalo opanda chojambula iye sankadziwa kuti munthu angatani. Anadikirana mpaka galu anayamba kulira ndi kupinda miyendo. Mapeto ake a Logambal anatukwana khomalo, anasesa kamalo pakati pa udzu, anatulutsa ufa n'kujambula kakolamu kakang'ono. Pattu anapumira m'mwamba.

Ankajambula pamenepo tsiku lililonse. Sabata isanathe tinapeza munthu wina ataikapo duwa. Kenako kanyale kadothi, ngati pakachisi. Oyendetsa ma oto anasiya kukodzera khomalo, ena ankavula nsapato podutsa, ndipo pamalo onsewo amene anatsala ndi ufulu wakale anali Pattu yekha.

Njira yotsikira inapezeka mwangozi. M'mawa wina, msana utakana, anamutsitsa ndi chingwe atachigwira chachifupi. Pansanjika yachiwiri Pattu anaona zoyera n'kuyamba kukoka. A Logambal analibe dzanja lina, anangomuponyera nsonga ya sari kumutu. Galu anaima chilili. Mdima utamugwera, mphuno inapeza fungo la bisiketi m'chiuno, ndipo anatsamira mwendo wawo n'kumayenda nawo pang'onopang'ono, sitepe ndi sitepe, osaona kanthu. Anafika pansi makolamu onse ali ouma.

Tsiku la Pongal linafika. Mami anajambula mphika waukulu wosefukira, mizimbe iwiri m'mbali, dzuwa pamwamba, ndipo kanjira kamene anasiya m'mphepete mwa khoma kanali kongokwana phazi limodzi. Anthu anali atavala zatsopano, ataima m'makomo ndi m'masitepe ngati akungocheza. Mithra anagwira mkono wa Aravindan. A Seshadri anatulutsa mpando wawo.

A Logambal anatsika, sari yatsopano yofiirira, pambali pawo thupi la galu lopanda mutu, mchira ukugwedera kumbuyo. Nsanjika yachitatu anadutsa. Yachiwiri anadutsa. Atafika pa kanjira ka Mami, Pattu anaima. Ufa unali wambiri, fungo lake linaposa la bisiketi. Pansi pa nsalu panamveka kuyetsemula. Sari yatsopano ndi yoterera, ndipo inayamba kutsetsereka, khutu limodzi linatulukira.

"Mfumu yanga," ananong'ona a Logambal, "ukandichititsa manyazi pano, kumene ukupitako kulibe chambiko. Tiye."

Pattu sanasunthe. Mwendo wakumbuyo unayamba kunjenjemera. Mithra anatseka maso.

Mami Alamelu analowa m'nyumba mofulumira kuposa mmene maondo awo amalolera, n'kutuluka ndi vadai wotentha, chitumbuwa chamchere chimene anakazinga kuti adye alendo. Anawerama, anakokera nsalu ija pakhutu la galu ndi dzanja lawo, analowetsa chitumbuwacho pansi pake, n'kuyamba kuyenda chobwerera m'mbuyo m'mphepete mwa khoma, mayi wa zidzukulu zisanu, sari ya silika ikukhudza fumbi. Mphuno inatsatira. Miyendo inatsatira mphuno. Anatsika choncho atatuwo mpaka pansi, wina chafutambuyo, wina atafunda, wina akunong'ona mapemphero osakanikirana ndi matukwano.

Mami anakwera akupuma pa sitepe iliyonse. Anayang'ana kolamu wawo, mzere uliwonse uli m'malo mwake.

"Musaganize kuti ndachitira galu," anatero, akupukuta zala. "Ndadzuka tambala asanalire chifukwa cha mphika umenewu."

"Komabe malinga ndi lamulo," anayamba a Seshadri, "thandizo lochokera kwa..."

"Khofi wanu akuzizira."

Pattu akadali pakhomo loyang'anizana ndi lathu. Tsopano ndi wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, khola anamugulira lina, ndipo amalowamo yekha akatopa, chitseko chili chotsegula. Za makolamu sanaiwale, ndipo palibenso amene akuyembekeza kuti adzaiwala. Nthawi yotsika ikakwana amaima pamwamba pa masitepe, n'kulowetsa yekha mutu pansi pa sari ya a Logambal. Akamatsika ndi Aravindan amafunda thaulo.

Dzulo ndinali pambuyo pa a Logambal ndi Pattu akutuluka pageti. Woyendetsa oto wina wachinyamata, watsopano pamalopa, anawayang'ana n'kuseka.

"Akka, mkwatibwi wofunda kumutu ngati a kumpoto ameneyu mwamutenga kuti?"

A Logambal sanaime n'komwe.

"Ndi mlongo wako. Wabisa nkhope kuti anthu asadziwe kuti ndinu pachibale."